Musanadalire foni yanu ya Android, yang'anani kaye deti lomwe lili mkatimo

Anzanga, ambirife tikamagula foni timathamangira kufunsa za kamera, za batire, za memory, basi tamaliza. Koma pulogalamu yaikulu imene imayendetsa foni yonseyo, yomwe ma apu onse amakhalapo, sitiifunsa nkomwe. Nde lero tikambirane za Android, komwe inachokera ndi mmene yasinthira, chifukwa ukangomvetsa mbiri yakeyi sipafunikanso munthu wokukakamiza kupanga apudeti.

Android sinayambitsidwe ndi Google ayi. Anaiyambitsa ndi Andy Rubin ndi anzake atatu ku Palo Alto, California, mu 2003, ndipo poyamba ankaganiza zoti ikhale ya m'makamera, kenako mpamene anatembenukira ku mafoni. Google inagula kakampaniko mu 2005. Masiku amenewo mafoni ambiri apamwamba ankayendera Symbian ya m'ma Nokia, ena BlackBerry, ena Windows Mobile, mpaka Apple inabwera ndi iPhone mu 2007 nkusintha zonse. Foni yoyamba ya Android inali HTC Dream, ku America ankaitcha T-Mobile G1, inatuluka mu 2008 ili ndi mabatani olembera oti umachita kukankha sikirini kuti aonekere. Kulemba pa sikirini penipenipo kunabwera mu 2009 ndi Android 1.5 ija ankaitcha Cupcake. Mayina a zotsekemerawa anapitirira, Gingerbread, Jelly Bean, KitKat, Lollipop, mpaka Pie mu 2018, kenako mu 2019 anangoti Android 10 ndipo kuyambira pamenepo ndi manambala okhaokha.

Tsono pagona nkhani ndi apa. Apple imapanga yokha foni ndi pulogalamu yake, ikafuna kukonza china chake imatumiza kwa onse nthawi imodzi. Google inasankha njira ina, inati kampani iliyonse itenge Android nkuiika m'mafoni ake, nchifukwa chake lero kuli Samsung, Tecno, Itel, Xiaomi, Motorola ndi ena osawerengeka, ndipo nchifukwa chakenso munthu wopeza mochepa anatha kukhala ndi foni ya intaneti. Ineyo ndimati chimenechi chinali chinthu chabwino kwambiri. Koma chinabwera ndi vuto lake, Google ikakonza cholakwika sichifika kwa inu mwachindunji, chimayamba chadutsa kwa opanga tchipi, kachipangizo komwe ndi ubongo wa foni, ngati Qualcomm kapena MediaTek, kenako kwa kampani yomwe inapanga foni yanuyo, nthawi zina mpaka kwa a netiweki, ndipo paliponse pamenepa chikhoza kuima osapitirira, makamaka foniyo ikakhala yotchipa kapena yoti anasiya kuigulitsa.

Kuopsa kwake kunaonekera poyera mu 2015. Katswiri wina dzina lake Joshua Drake wa kampani ya Zimperium anapeza bowo, kutanthauza cholakwika mu pulogalamu chomwe akuba angalowerepo, lomwe analitcha Stagefright, loti munthu akhoza kukutumizira kavidiyo pa MMS, uthenga wonga SMS koma wonyamula zithunzi ndi mavidiyo, nkulowa mufoni mwako, ndipo m'mafoni ena sipankafunika nkomwe kuti utsegule uthengawo chifukwa foni inkayamba yokha kuuwerenga ukangofika. Akatswiri anati mafoni okwana pafupifupi 950 miliyoni anali pachiopsezo. Kukonza kunali kosavuta, chovuta chinali kukafikitsa kwa anthu. Kuchokera pamenepo Google inayamba kutulutsa zotseka mabowo mwezi ndi mwezi, nkuika deti mu Settings loti mwini foni aziona yekha kuti foni yake inakonzedwa komaliza liti.

Tengani foni yanu pompano tione. Lowani mu Settings, tsikani mmunsi mpaka pa About phone, dinani pa Android version, a Samsung inu muyambe mwalowa pa Software information. Muona nambala ya Android, ndipo mmunsi mwake muli mzere wa security update kapena security patch level wokhala ndi deti. Deti limenelo ndiye lofunika kuposa nambala ija. Foni ikhoza kukhala pa Android yammbuyo pang'ono koma ikulandirabe zotseka mabowo, imeneyo ilibwino. Koma ngati detilo ladutsa chaka, pitani pa System update kapena Software update mufufuze, ikakuuzani kuti palibe chatsopano dziwani kuti mwina kampani inaisiya kale. Amene muli ndi Android 10 kupita mtsogolo mupezanso mzere wina wa Google Play system update, umenewo Google imatumiza yokha osadikira opanga foni, anachita dala pofuna kudumpha mzere wautali uja, nde nawonso muziudina.

Popanga apudeti musapupulume. Batire ikhale yoposa theka kapena foni ikhale pa chaja, mukhale pa Wi-Fi ngati mungathe chifukwa mafayilo ake amakhala aakulu, chotsani mavidiyo osafunika kuti pakhale malo, ndipo zithunzi ndi manambala a anthu muyambe mwasunga kwina. Ikayamba kuzima nkuyaka yokha isiyeni, osaithimitsa pakati, ngakhale itaoneka ngati yaima. Ndikudziwa ena mumakana dala, mumati apudeti imachedwetsa foni. Zimachitikadi nthawi zina, makamaka masiku oyambirira foni ikamakonzanso ma apu ake, koma foni yomwe muli ndalama zanu, ma pasiwedi anu ndi mauthenga a banja lanu kuisiya yosatseka kuli ngati kugona chitseko chili pululu poopa kuti loko akulimba.

China chomwe chinasintha kwambiri ndi nkhani ya zilolezo. Kale ukamaika apu inkakuonetsa mndandanda wa zonse zomwe ikufuna, uvomere zonse kapena uisiye, nde unkapeza ka apu ka tochi kakuwerenga manambala a anthu onse mufoni. Android 6.0 Marshmallow ya 2015 inabweretsa zoti apu izipempha chilolezo panthawi yomwe ikufuna chinthucho ndipo ukhoza kukana. Android 10 inawonjezera zoti apu izidziwa komwe uli pokhapokha ukuigwiritsa ntchito, Android 11 zololeza kamodzi kokha, ndipo kuyambira Android 12 ya 2021 pakona ya sikirini pamayaka kadontho kobiriwira kamera kapena maikolofoni zikamagwira ntchito. Zonsezi zilipo koma anthu amangodina Allow osawerenga! Lowani pa Privacy, kenako Permission manager, muone ma apu omwe ali ndi chilolezo cha SMS, kamera ndi maikolofoni, yomwe simukumvetsa chifukwa chake ilandeni. Ya SMS ndiye musamale nayo kwambiri poti manambala achinsinsi a kubanki amadzera mmenemo. Ndipo ma APK, mafayilo oikira apu otumizirana pa WhatsApp aja, kaya akuti ndi apu yaulere yoonera mpira, asiyeni, tengani ma apu ku Play Store.

Amene mukufuna kugula foni, kaya yatsopano kaya yogwirapo kale, funsani kuti idzalandira ma apudeti mpaka liti. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung nayo zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, koma mafoni ambiri otchipa safika pamenepo, ena zaka ziwiri zokha. Pa yogwirapo kale onani deti lija musanapereke ndalama, komanso mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, chifukwa kuyambira Android 5.1 foni ikafufutidwa mokakamiza akauntiyo isanachotsedwe imafunsa pasiwedi ya mwini wakale ndipo mudzangokhala nayo osaigwiritsa ntchito.

Nanga yomwe inasiyidwa kale mutaye? Ayi, kuyimbira, kumvera nyimbo, kujambulira, zonsezi igwirabe bwinobwino. Koma ma apu a ndalama ndi imelo yanu yaikulu zichotsenimo. Dziwaninso kuti ma apu nawo amafika posiya mafoni akale, mu 2023 Google Play services, pulogalamu ya Google yomwe ma apu ambiri amadalira, inasiya KitKat, yomwe ndi Android 4.4, ndipo WhatsApp inayamba kufuna Android 5.0 kupita mtsogolo, nde ngati yanu ili chakumeneko yambiranitu kusunga macheza anu ku Google Drive isanakutsekereni.