Timipira ta mtedza ndi soya: kamba wa ana wosafuna uvuni

Mwana akanyamuka ndi kandalama m'thumba kupita kusukulu, nthawi yopuma amathera pa maswiti, mafilizesi kapena zigege. Mimba imakhala chete pang'ono, koma chomanga thupi chimakhala chochepa kwambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo boma lathu la Mangochi linali pamwamba pa chiwerengero chimenechi, pamene tili ndi nyanja, mtedza, soya ndi malambe pakhomo pomwe. Lero ndikufuna tikambirane za timipira ta mtedza, chakudya chotolatola chimene mayi kapena bambo angapange ndi mtondo, chiwaya ndi manja basi.

Amene mumaona maphikidwe pa Facebook mwina mwakumana nato. Kunja amatipanga ndi oats, mbewu za chia ndi ufa wa mapuloteni wa m'zitini umene amamwa anthu onyamula zitsulo. Zimenezo zisakuopsezeni. Pa magalamu 100 a mtedza, pafupifupi 25 amakhala omanga thupi. Soya amaposa pamenepo, amapitirira 35. Nthanga za maungu zija timataya pokonza dzungu zimafika cha m'ma 30. Ufa wa m'chitini ulibe chimene ungatiphunzitse.

Koma mvetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Timipirati tikaumbidwa sitipitanso pamoto. Choncho ntchito yonse ya moto ndi ya ukhondo iyenera kutha tisanayambe kuumba. Chilichonse cholowa m'mbale chikhale chosankhidwa, chokazinga ndiponso chouma.

Tiyambe ndi mtedza. Uthireni pa lichero, mukhale pa mkeka kunja kukuwala, musankhe umodziumodzi. Wamphwephwa, wosweka, wobooka ndi tizilombo, wakuda kapena wachikasu mkati, wonunkha chinyezi, wonsewo uchoke. Mtedza woterewu ndi umene umasunga chuku, ndipo chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, mpaka khansa, komanso amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Kukazinga sikumuchotsa poizoniyu. Kusinja sikumuchotsa. Chimene chimathandiza ndi diso ndi chala cha wosankha. Chizolowezi chathu choti wabwino apite kumsika, wotsalira asinjidwe nsinjiro za pakhomo, ndi kudyetsa ana athu zimene ogula akana. Ndipo wochotsedwayo musaponyere nkhuku kapena mbuzi. Ukwiriridwe.

Chinanso chimene ndimachiona m'midzi yambiri, kuyambira ku Namwera mpaka ku Nankumba, ndi kuwaza madzi pa mtedza wa makoko kuti usapweteke zala pouswa. Zala zimapumadi, koma chinyezi chija ndi chimene chuku chimafuna. Uswani uli wouma. Ngati mukugula pamsika, lumani kamodzi: wouma bwino umathetheka, wachinyezi umafewa m'mano ndipo nthawi zina umawawa. Wowawa mulavule, mupite pa benchi lina.

Mtundu wa mtedza ulinso ndi mbali yake. CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri, ndiye umasanduka chiponde msanga mumtondo ndipo timipira timagwirana bwino. Chalimbana amakoma, koma pamafunika kusinja kwa nthawi, mwinanso kudontheza mafuta ophikira pang'ono. Kazingani pa moto wochepa, mukutakasa osalekeza, mpaka khungu lizichoka mukafikisa ndi zala ndipo mkati mwasanduka mofiirira. Uzizire, mufikise, mupete, kenako musinje kupitirira pa nsinjiro, mpaka uyambe kunyezimira ndi kumata ku munsi.

Soya ndiye amafuna ulemu wake. Wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi, ndipo amatupitsa m'mimba. Ufa wa soya wongogayitsa osadutsa pamoto usalowe m'timipira ayi. Njira imene timaphunzitsa m'magulu a amayi ndi iyi: wiritsani madzi kaye mpaka abwate, ndipo muthire soya wouma, wosankha, pang'onopang'ono kuti kubwata kusaleke. Musamunyike m'madzi ozizira poyamba, chifukwa ndi amene amadzutsa fungo lija limene ana amakana nalo phala la soya. Awire mphindi ngati 30. Mukatsanula, mufikise kuti makoko achoke, muyanike pa thandala mpaka aume gwa, mukazinge pang'ono, ndiye mupite naye kuchigayo. Ntchitoyi ndi ya masiku awiri kapena atatu, choncho konzani wambiri nthawi imodzi, wina azilowa m'phala.

Ufa wa mgaiwa nawo ukazingidwe pa chiwaya chouma mpaka usinthe mtundu ndi kununkhira. Woyera ayi, gaga uja ndiye tikumufuna.

Muyezo wake, pogwiritsa kapu imodzi yomweyo ya tiyi: kapu imodzi ya chiponde, theka la kapu ya ufa wa soya, theka la kapu ya mgaiwa wokazinga, masupuni aakulu atatu a uchi, masupuni awiri a ufa wa malambe, ndi kamchere ka ayodini kotsina ndi zala ziwiri. Sakanizani zouma zokhazokha kaye, kenako chiponde ndi uchi. Kanyani. Tengani pang'ono mufinye m'dzanja: zikagwirana, zala n'kusiya mizere yake osamatirira, zatheka. Zikamayoyoka, onjezerani chiponde. Zikamamata, onjezerani mgaiwa. Madzi musathire ngakhale dontho. Umbani timipira tokula ngati suku, mutigubuduze pa chitowe chokazinga kapena pa nthanga za maungu zosinja, ndipo mutisiye pa mbale yovindikira kwa ola limodzi kuti tilimbe. Muyezo umenewu umatulutsa timipira 16 mpaka 20, kalikonse kokhala ndi magalamu 4 kapena 5 a zomanga thupi. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, ndiye tiwiri taliposa kale.

Malambe ndawaikamo dala. Mitengo yake yadzaza m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ndipo timangowaona ngati a mafilizesi okha. Ufa wake uli ndi vitamini C wochuluka, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu soya ndi chitowe, ayironi wowonjezera magazi uja. Kawawasu kake kamadulanso kulemera kwa chiponde m'kamwa, mwana sakhuta nako msanga. Ingosefani bwino kuti ulusi ndi nthanga zisatsale.

Uchi ukasowa kapena ukadula, sinjani shuga akhale ufa, masupuni awiri, ndipo muonjezere chiponde pang'ono kuti zigwirane. Shuga wa m'mapaketi wa m'dziko muno amathiramo vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chothirira chikho chonse. Tikupanga chakudya, osati maswiti ena. M'mwezi wa Ramadani, pamene tende, zipatso zouma zotsekemera zija, amapezeka m'masitolo a pa boma ndi m'misika, chotsani nthanga za tende khumi, musinje, alowe m'malo mwa uchi. Timipira totere timakhalitsa m'mimba, n'chifukwa chake timathandiza pa daku, chakudya cha m'bandakucha cha osala kudya, pamodzi ndi madzi okwanira.

Pamisonkhano sipalephera wofunsa za nthochi ndi usipa. Nthochi yakupsa imagwira bwino ndipo imatsekemera, koma ili ndi madzi. Ndi kutentha kwa kuno kwa Okutobala ndi Novembala, timipira ta nthochi tidyedwe tsiku lomwelo, tisagone. Za usipa kapena bonya, ufa wake ndi wabwino zedi, uli ndi kashiamu wa m'minga, koma ine ndimati upite m'phala kapena m'ndiwo. Nsomba ndi uchi m'kamwa mwa mwana sizimvana, ndipo akakana tsiku loyamba mudzavutika kumunyengereranso. Amene akufuna ayese payekha mtundu wamchere wopanda zotsekemera, nsombazo atazikazinga bwino.

Tsopano za manja. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, mmene anavutitsira boma lino, makamaka m'madoko a asodzi. Chakudya chimene chaumbidwa ndi manja n'kulowa m'kamwa osadutsanso pamoto chimanyamula chilichonse chimene chinali pa manjapo. Sambani ndi sopo ndi madzi oyenda, a pa mpondagiya kapena othiriridwa, osati m'beseni la onse. Zikhadabo zikhale zowenga. Manja, mbale, supuni ndi mtondo ziume musanayambe. Wotsegula m'mimba kapena wa chilonda pa chala asiyire wina ntchitoyi. Ana angathandize kuumba, amakonda, koma muwasambitse inuyo.

Timipira topanda nthochi, tosungidwa m'chigoba chouma chotseka bwino pamalo ozizira m'nyumba, tidyedwe pasanathe masiku anayi kapena asanu. Amene ali ndi firiji angafike sabata ndi kupitirira pang'ono. Pangani tochepa kawirikawiri. Tikayamba kumveka fungo la mafuta akale kapena kuonetsa timadontho taubweya, tayani tonse, osangochotsa koonekako.

Pali anthu ofunika kusamala nawo. Mwana wosakwana chaka asalawe uchi, ngakhale wa kunyambita, chifukwa ungamupatse matenda oopsa ofoola thupi amene matumbo ake sanakhwime kulimbana nawo. Wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi wa bere lokha. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi musamupatse kampira kathunthu, kangamutsamwe. Kanyenyeni m'phala lake kapena mumupatse tizidutswa muli naye pafupi atakhala pansi. Ngati wina akadya mtedza kapena soya amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, asadye, ndipo kubanikako n'kothamangira nako kuchipatala. Odwala shuga achotse uchi ndi tende, afunsenso kwa adokotala awo za muyezo.

Ndipo timipirati tisasokonezedwe ndi chiponde cha kuchipatala. Chija cha m'kapaketi ka magalamu 92 ndi mankhwala a mwana amene wapezeka ndi kunyentchera kwambiri, chili ndi mkaka, mavitamini ndi mchere wa m'thupi woyezedwa bwino. Sichogawana ndi abale ake, sichogulitsa, ndipo sicholowetsa m'maphikidwe athuwa. Mwana akamaonda, akatupa mapazi kapena tsitsi likamafiira ndi kupyapyala, pitani naye ku sikelo akamuyeze mkono, musadalire za pakhomo.

Kwa mwana wa sukulu, tiwiri m'kachigoba pamodzi ndi mango kapena bwemba ndi botolo la madzi abwino zakwana. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa angadye tiwiri kapena titatu pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro. Nsima, masamba ndi nsomba zikhalebe pamalo pake, pakuti magulu a zakudya ndi asanu ndi limodzi ndipo timipirati sitikwaniritsa onse. Magulu a amayi amene akuganiza zogulitsa m'mapaketi ayambe aonana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, kenako a Malawi Bureau of Standards, amene amayeza za chuku ndi kupereka chilolezo chisanafike pa shelefu.