Malangizo kwa magulu a amayi osoka zofunda za zigamba mosinthana

Tizidutswa ta chitenje timene timatsala pansi pa makina a telala nthawi zambiri timathera kudzala kapena pamoto, chonsecho tikalumikizidwa mwaluso timatulutsa chofunda cholimba chimene banja lingagwiritse ntchito m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kapena kuchigulitsa. Chofunda choterechi sachisoka kamodzin'kamodzi. Amayamba ndi timabuloko ta makona anayi ofanana, ndipo mabulokowo akakwana ndi pamene amawalumikiza. Popeza ntchitoyi imatenga nthawi, gulu limagawana: mayi aliyense amasoka mabuloko angapo n'kusinthana ndi anzake. Mwambo umenewu unafala kwambiri ku America cha m'ma 1840, kumene amayi ankasokera mnzawo buloko limodzilimodzi n'kulembapo dzina lawo, makamaka mnzawoyo akamakwatiwa kapena kusamukira kutali.

Njira imene imayenda bwino ndi ya mtundu wa chipereganyu. Ngati gulu lili ndi amayi khumi, mwezi uliwonse onse amasoka mabuloko atatu aliyense n'kupereka kwa mayi mmodzi, amene amalandira mabuloko 30. Buloko lililonse likakhala la masentimita 30 m'litali ndi m'lifupi, mabuloko asanu chopingasa ndi asanu ndi limodzi chotsika amapereka chofunda cha masentimita 150 kwa 180. Mayi wolandirayo ndi amene ayenera kunena mitundu imene akufuna mwezi wake usanafike.

Chinthu chimene chimagwetsa ntchito yotereyi kawirikawiri ndi muyeso, ndipo apa m'pamene gulu liyenera kukhwimitsa kwambiri. Mayi akamasoka yekha, kulakwitsa kwake kumakhala kofanana pa mabuloko onse ndipo amalumikizika ndithu, koma mabuloko ochokera m'manja khumi ayenera kukumana m'mphepete ndi m'makona ngakhale kuti anasokedwa pa makina osiyanasiyana. Tiyerekeze ndi buloko losavuta la tizidutswa tisanu ndi tinayi, titatu chopingasa ndi titatu chotsika. Kadutswa kalikonse kamaoneka masentimita 10 kakasokedwa, motero kayenera kudulidwa masentimita 12 kuti mbali iliyonse pakhale sentimita imodzi yolowa mumsoko. Buloko likamachoka m'manja mwa wosoka liyenera kukhala masentimita 32, chifukwa mphepete zake zinayi zimakhala zisanalowe mumsoko. Tsono mayi wina akamasoka msoko wa mamilimita 12 m'malo mwa 10, msoko uliwonse umadya mamilimita anayi owonjezera, chifukwa umatenga nsalu mbali zonse ziwiri. Misoko iwiri ya mumzere umodzi imadya mamilimita asanu ndi atatu, ndipo mabuloko asanu ndi limodzi otere akatsatizana, mzerewo umaperewera pafupifupi masentimita asanu. Kuperewera kotereku sikungabisike ndi simbi kapena kukoka nsalu. Chofunda chimakwinyika ndipo makona amaphonyana.

N'chifukwa chake ndikulangiza kuti gulu likhale ndi chikombole chimodzi chokha choyambira, choyezera podula tizidutswa, chodulidwa pa katoni yolimba kapena pa pulasitiki ya chigubu chophwatalala, ndipo zikombole za amayi onse zijambulidwe kuchokera pa chimenecho tsiku limodzi, onse akuona. Katoni imadyeka m'mphepete ikagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, choncho muziiyeza ndi tepi mwezi uliwonse. Pa makina aliwonse, kaya ndi Singer kapena Butterfly yopalasa ndi mapazi, yezani sentimita imodzi kuchokera pamene singano imalowa, ndipo matanipo kachingwe ka selotepi kuti mphepete ya nsalu izitsata pamenepo. Musadalire phazi la makina, kachitsulo kamene kamapanikiza nsalu pansi pa singano, pakuti mapaziwa amasiyana kukula kwake. Amene amasoka pamanja ajambule mzere wa msoko ndi pensulo kuseri kwa nsalu. Musanayambe ntchito yeniyeni, mayi aliyense alumikize tizidutswa titatu n'kuyeza: ngati mzerewo sunakwane masentimita 32, akonze msoko wake kaye.

Amayi ena amaona zitsanzo za mabuloko pa foni, monga Nine Patch kapena Log Cabin, ndipo zambiri mwa zitsanzozi zimalembedwa m'mainchi, buloko la mainchi 12 ndi theka ndi msoko wa kota ya inchi, womwe ndi pafupifupi mamilimita asanu ndi limodzi. Miyeso imeneyo ndi yabwino, koma gulu lisankhe mtundu umodzi wa muyeso, osasakaniza mainchi ndi masentimita. Kwa oyamba kumene, msoko wa sentimita imodzi ndi wosavuta kuuyeza komanso suthothoka msanga pochapa.

Nsalu nayonso imafuna mgwirizano. Zitenje za thonje zimachepa pang'ono zikachapidwa koyamba, ndipo zina, makamaka zofiira ndi zabuluu wakuda, zimatulutsa utoto. Chapani tizidutswa tonse musanadule, mitundu yakuda payokha, ndipo ngati madzi otsukuluzira akupitirirabe kusintha mtundu, nsaluyo isalowe m'buloko la mnzanu, chifukwa kadutswa kamodzi kakhoza kudetsa chofunda chonse chimene anthu khumi achivutikira. Musaphatikize thonje ndi poliyesitala yoterera kapena nsalu yotamuka m'buloko limodzi. Malaya a thonje a pa kaunjika ndi abwino, bola musiye malo amene aperepeseka monga m'zigongono ndi m'kolala. Podula, ikani chikombole motsata ulusi wa nsalu, osati mopingasa chapakona, pakuti nsalu yodulidwa chapakona imatamuka ikamalowa m'makina. Ndipo popeza zitenje zathu zili ndi maluwa akuluakulu ndi mitundu yowala, ndi bwino gulu lisonkhe ndalama n'kugula nsalu imodzi yopanda maluwa, kuti izilowa m'buloko lililonse mosinthana ndi chitenje. Imeneyi ndi imene imagwirizanitsa ntchito ya manja osiyanasiyana kuti ioneke ngati chofunda chimodzi.

Kusita kuchitike msoko uliwonse ukangosokedwa, osadikira kuti buloko lithe. Gonekani msoko kumbali ya nsalu yakuda kuti usaonekere, ndipo mzere wapakati misoko yake iloze mbali yosiyana ndi ya mizere iwiri inayo, kuti polumikiza misokoyo ilowane bwino ndi kuti makona akumane popanda chotupa. Simbi muziiika ndi kuinyamula, osaikhukhuza, chifukwa kukhukhuza kumapotoza buloko. Ogwiritsa ntchito simbi ya makala ayale kansalu koyera pamwamba kuti phulusa kapena kakhala kasagwere pa ntchito.

Tsiku losinthana, gulu likhale ndi katoni ya masentimita 32 mbali zonse, ndipo buloko lililonse liikidwe pamenepo lisanalandiridwe. Lamuloli ligwirizanidwe pachiyambi penipeni ndipo likhudze aliyense, kuphatikizapo wapampando, kuti mayi amene buloko lake labwezedwa asaone ngati akunyozedwa. Wosoka asadule mphepete za buloko pofuna kuliwongola. Ntchito imeneyo aisiyire mwini chofunda, amene adzaona mabuloko onse pamodzi. Buloko loperewera mamilimita awiri kapena atatu likhoza kulowa ndithu, koma loperewera kuposa apo lisomboledwe n'kusokedwanso, ndipo mayi waluso m'gululo akhale pambali pa mwini wake kuti aone pamodzi pamene msoko unathawira. Mlembi alembe m'kope mabuloko amene aliyense wapereka ndi amene atsala, ndiponso tsiku limene otsalawo adzabwere, kuti mayi wolandira mwezi womaliza alandire mabuloko 30 okwana monga mmene analandirira woyamba.