Momwe mungapezere malo osambira mukafika ku Cape Town

Mukafika ku Cape Town mu Disembala, dzuwa likuswa mtengo, musathamangire kunyanja poganiza kuti ndi ngati ku Senga Bay. Madzi a ku magombe a Clifton ndi Camps Bay ndi ozizira kwambiri ngakhale nyengo yotentha, ndipo mafunde ake amakokera munthu pakati. Amene anaphunzirira kusambira pa nyanja yathu kapena mumtsinje ayambe ndi dziwe.

Choyamba, tsegulani tsamba la pa intaneti la khonsolo ya mzindawu, City of Cape Town, muone mndandanda wa maiwe ake. Google Maps ikuthandizani njira, koma musadalire nthawi zolembedwa pamenepo. Maiwe ambiri apanja amatsegulidwa nyengo yotentha yokha, choncho imbani foni musanakwere basi.

Kenako sankhani molingana ndi nyengo. Kukatentha pitani ku Sea Point Pavilion, komwe basi za MyCiTi zimafika. Kuli dziwe lalikulu la mamita 50 ndi ena aang'ono a ana, onse a madzi amchere, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Loweruka lawirirani, chifukwa kukadzaza mumadikira pageti. Kukazizira, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuli Long Street Baths pakati pa tawuni, dziwe la m'nyumba la madzi ofunda lomwe linatsegulidwa mu 1908.

Ngati m'thumba mwapepuka, kwerani sitima yopita ku Simon's Town mutsike pa St James. Pali dziwe lotchingidwa ndi khoma lomwe madzi a m'nyanja amalowamo okha, ndipo salipiritsa. Ine ndimati banja la ana aang'ono liyambire pamenepa: madzi a mbali imeneyi sazizira ngati a ku Clifton, ndipo khoma limaswa mphamvu ya mafunde. Komabe mwana asachoke m'maso mwanu, ndipo samalani ndi miyala yoterera.

Nyamulani thawulo, zovala zosambirira zenizeni, madzi akumwa ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa. Pasipoti isiyeni komwe mukugona. Mowa saloleza.

Ngati mukufunanso sauna, chipinda chotentha kwambiri chomwe anthu amakhalamo kuti atuluke thukuta, mumaipeza kawirikawiri m'mahotela ndi m'majimu. Funsani ngati amalola mlendo kulipira tsiku limodzi lokha. Sambani kaye, khalirani thawulo lanu, ndipo ulendo woyamba musapitirire mphindi 10. Mukamva chizungulire tulukani pomwepo. Amayi oyembekezera ndi onse odwala mtima kapena BP afunse dokotala asanalowemo.