Mmene mungabwerere bwino ku Kasungu mukatsika sitima ya pamadzi ku Durban

Munthu akamakonza ulendo wa pa sitima zikuluzikulu zija zonyamukira ku Durban, umene ambiri amangoti cruise, mtima wonse umakhala pa kupita. Amaganiza za zovala zojambulitsa, za mchenga wa ku Portuguese Island kapena ku Pomene m'dziko la Mozambique, za chakudya chosatha. Ukamufunsa za pobwerera amati tikaonera konko. Ine ndi alamu anga tinaoneradi konko, ndipo zimene tinaonazo ndi zimene zandilembetsa nkhaniyi. Kuchoka pa doko la Durban kufika pakhomo panu ku Kasungu ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo umafuna ndalama yakeyake ndi nthawi yakeyake.

Gulani matikiti obwerera mowerengera kuchokera kuno

Izi muchite musananyamuke n'komwe. Yambani ndi funso ili: ndikufuna kutera pa bwalo la ndege la Kamuzu nthawi yanji kuti ndikafike ku Kasungu kusanade? Mukayankha limenelo, bwererani m'mbuyo sitepe ndi sitepe mpaka pa doko.

Sitima imakocheza m'mamawa, koma kukocheza si kutsika. Anthu masauzande sangatulukire pakhomo limodzi nthawi imodzi, choncho mukhoza kupezeka panja 8 koloko kapena cha m'ma 10. Bwalo la ndege la King Shaka lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda. Ndege ya ku Johannesburg imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo yochoka kumeneko kupita ku Lilongwe, ikakhala yosaima kwina, maola awiri ndi kanthu. Papepala zimaoneka ngati zotheka tsiku limodzi. Musayese. Ndege zobwera ku Malawi si zambiri pa tsiku, ndipo ikakusiyani ndiye kuti tikiti yatsopano kapena chindapusa, zonse mu ndalama yakunja imene tonse tikudziwa kuvuta kwake kuipeza. Tengani ndege yamasana kuchoka ku Durban, mukagone pafupi ndi bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg, cha ku Kempton Park kumene kuli malo ogona ambiri okhala ndi kagalimoto kotenga alendo pa bwalo, mawa lake mukwere ya kumudzi mutapuma.

Werengeraninso masiku a pa chidindo cha mu pasipoti. Masiku amene anakupatsani polowa mu South Africa akakwanire mpaka tsiku lotuluka, osati tsiku lotsika sitima lokha. Kupitirira masiku kumeneko si nkhani yopepesa, amakuletsani kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo.

Kutatsala tsiku limodzi, onani bilu

Pa sitima simugwira ndalama. Amakupatsani khadi limene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso cholowera ndi kutulukira, komanso chikwama chanu cha ndalama. Chakumwa, chithunzi chimene anakujambulani pokwera, intaneti, zonse zimangolembedwa, ndipo pa maulendo a ku Durban amawerengera mu madola a ku America. Pamakhalanso ndalama ya ogwira ntchito imene nthawi zambiri amaiwonjezera okha tsiku ndi tsiku, pokhapokha ngati munalipiriratu pogula tikiti.

Pitani pa desiki ya alendo masana a tsiku lomaliza lathunthu, kapena onani pa foni kapena pa TV ya m'chipinda ngati sitimayo ili ndi njira imeneyo. Werengani mzere uliwonse. Cholakwika chimakonzeka mosavuta mukadali m'sitima. Mukafika ku Kasungu muzidzangolemba makalata. Usiku ndi m'mawa wotsika mzere wa pa desiki umatalika ngati wa feteleza, ndiye pitani nthawi imene anzanu ali pa nkhomaliro.

Amene munalembetsa khadi la kubanki, dziwani kuti amagwiriratu ndalama ina ngati chikole, ndipo yotsala imatenga masiku kuti imasulidwe. Musaiwerengere ngati ndalama ya takisi kapena ya malo ogona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Patulani marandi m'kaenvulopu kuyambira tsiku loyamba, ndi makwacha ena a minibasi ndi kabaza, muziike pamodzi ndi pasipoti, musazikhudze ngakhale sitolo ya m'sitima itatsitsa mitengo bwanji. Ngati munasungitsa ndalama yeniyeni pa desiki, katengeni chenji chanu tsiku lomwelo. Ngati pasipoti anakusungirani, funsani nthawi ndi malo okaitengera.

Usiku womaliza

Apa ndi pamene pali nkhani. Madzulo mupeza pabedi panu timapepala tamitundu tomata pa masutikesi, ndi pepala lonena nthawi yanu yotsika ndi malo okadikirira. Mtundu wa kapepalako ndiwo gulu lanu. Lembanipo dzina ndi nambala ya foni, mumate pa chogwirira, kenako muike masutikesi panja pa chitseko nthawi imene anena isanakwane. Ogwira ntchito amawatola usiku, ndipo simudzawaonanso mpaka mutatsika, m'chinyumba cha pa doko. Ngati nthawi imene akupatsani siikugwirizana ndi ndege yanu, kasinthitseni mtundu wa kapepala madzulo omwewo.

Musanatseke zipi, valani m'maganizo zovala za mawa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo muziike pampando. Alamu anga analongedza mwaukhondo ngati msilikali, anatulutsa sutikesi, anagona. M'mawa ndikumva kugogoda. Ndikatsegula, aima pakhonde atavala malaya abwino, buluku losita, kuphazi masilipasi a kubafa.

"Alamu, nsapato zija mwavala dzulo zili kuti?"

"Zatsogola ku Durban," anatero. Anatsika choncho, kudutsa pamaso pa a imigireshoni ndi masilipasi obiriwira, mutu uli m'mwamba.

M'chikwama cham'manja mukhale pasipoti, khadi la sitima, matikiti, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, foni ndi tchaja chake, mswachi, malisiti a zonse mwagula, ndi makiyi a kunyumba. Makiyiwo anthu amawaponya pansi penipeni pa sutikesi tsiku lonyamuka, n'kudzawakumbukira ataima pakhomo mvula ikugwa. Tsegulani kabokosi kachitsulo kosungiramo ndalama kam'kabati, mupisemo dzanja mpaka kumakona, mukasiye kotsegula. Suzumirani pansi pa bedi, m'madirowa, ndi pa chingwe choyanikira cha m'bafa pomwe pamatsalira zovala zosambira.

Mabotolo amene munagula m'sitolo ya m'sitima nthawi zambiri amakupatsani kumapeto kwa ulendo. Akulungeni ndi zovala muwaike mu sutikesi yaikulu, chifukwa pa ndege yotuluka m'dziko salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cham'manja. Jambulani sutikesi iliyonse ndi foni, ndipo mangirirani kansalu ka chitenje pa chogwirira. Pakati pa masutikesi akuda mazanamazana, chitenje chimaitana mwini wake patali.

Amene muli ndi kasutikesi kamodzi kopepuka, funsani ngati amalola kutsika mutanyamula nokha. Otere amayamba kutuluka. Koma zikepe zokwerera nsanjika zimadzaza m'mawa umenewo, ndiye ngati mawondo ndi ovuta kapena muli ndi ana, musiyeni katundu atsogole.

M'mawa wotsika

Dzukani msanga, chifukwa chipinda amafuna muchoke m'mawa kuti akonzere alendo ena amene akwere tsiku lomwelo. Idyani kadzutsa wokhuta. Munalipira kale, ndipo chakudya chotsatira ndi cha mtengo wa pa bwalo la ndege. Pitani pamalo amene anakulemberani, mukhale pansi mpaka aitane mtundu wanu. Kuunjikana pa masitepe sikufulumizitsa kanthu.

Khadi la sitima likhale m'manja, amaliwerenga komaliza potuluka. Ngati bilu ili ndi ngongole, makinawo akukanani pomwepo, mubwerere ku desiki anthu akukuonerani. Mukatsika mulowa mu Nelson Mandela Cruise Terminal, muonetse pasipoti, kenako mupeze katundu wanu pa mzere wa mtundu wanu. Werengani dzina pa kapepala musanakoke. Sutikesi ikasowa kapena ikathyoka, nenani ndi kulembetsa musanatuluke pachipata.

Panja pamakhala matakisi, mabasi amene munthu amalipiriratu m'sitima opita ku King Shaka, komanso Uber ndi Bolt zimagwira ntchito mu Durban ngati foni yanu ili ndi intaneti. Mukasankha takisi wamba, gwirizanani mtengo katundu asanalowe m'buti. Foni musamaiyendetse m'manja pamsewu.

Kuchoka ku Durban kufika ku Joni

Onani bwino tikiti ya ndege ya m'dzikomo. Matikiti otsika mtengo kwambiri nthawi zambiri salola sutikesi yaikulu popanda kulipira mwapadera, ndipo kulipiriratu pa intaneti kumatchipa kusiyana ndi pa kauntala. Makilo amene ndege ya ku Lilongwe ikulola akhoza kusiyananso ndi a ndege ya ku Durban, ndiye longedzani motsata yochepayo. Ngati matikiti awiriwo munagula padera, katundu mukamutenge nokha ku O.R. Tambo, sadzalumikizidwa yekha. Mawa lake fikani pa bwalo kutatsala maola atatu. Wotchi musasinthe, nthawi ya ku South Africa ndi ya kuno ndi imodzi.

Njira ya basi iliponso, ndipo kwa wa ku Kasungu ili ndi ubwino umodzi: mabasi a ku Joni opita ku Mzimba ndi ku Mzuzu amadutsa pa M1, choncho mukhoza kutsikira pa boma pompano. Koma ndi ulendo wopitirira tsiku lathunthu, wodutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowa pa Dedza kapena pa Mwanza, ndipo pa malire aliwonse mumatsika, nthawi zina ndi katundu yense. Ine ndimati ngati mwagula katundu wambiri ndipo simukuthamangira ntchito, basi ndi yabwino. Ngati muli ndi agogo kapena khanda, ndalama ya ndege muisunge kaye musanagule mphatso.

Kuchoka pa Kamuzu kufika pakhomo

Mukatera, dindani pasipoti, tengani katundu, ndipo ngati mwabwera ndi zinthu zatsopano zodula monga mafoni kapena laputopu, zinenereni kwa a MRA muonetse malisiti. Popanda lisiti mtengo akuyerekezerani okha. Mphatso zochepa za pabanja ndi nkhani ina, koma mabokosi asanu a nsapato za saizi zosiyanasiyana palibe angakhulupirire kuti ndi zanu. Bwezerani simu khadi ya TNM kapena Airtel mu foni mukadali m'kati, muone ngati mu Mpamba kapena Airtel Money muli kanthu, muimbe kunyumba.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kulowa mu tauni ya Lilongwe kukafuna basi ku depoti. Bwalo la ndege lili ku Lumbadzi, mbali yathu ino. Kupita mu tauni ndi kubwerera m'mbuyo makilomita oposa 20 kuti mudzadutsenso pomwe munali. Chabwino koposa ndi kupangana ndi wachibale kapena dalaivala wodziwika wa ku Kasungu kuti adzakuchingamireni. Muuzeni nambala ya ndege, ndipo mumutumizire uthenga muli ku Joni ikachedwa. Za mafuta a galimoto mukambirane masiku angapo m'mbuyo, si za kudzafuna tsiku lomwelo. Ngati palibe wokutengani, takisi ikakutuleni pa M1 pa Lumbadzi mudikire basi kapena minibasi yolowera kumpoto, koma izi zimayenda bwino dzuwa likadalipo ndiponso katundu akakhala wochepa. Mu minibasi sutikesi yaikulu imalipira mpando wake, musakangane nazo, ingogwirizanani musanakwere.

Kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 100: Mponela, Madisi, mlatho wa Bua, Chinkhoma, kenako phiri la Kasungu lionekera. Kumbukirani kuti sitimazi zimayenda ku Durban kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, imene kuno ndi nthawi ya dzinja. Wa pa boma alibe nkhawa. Koma ngati kwanu ndi kolowera ku Chamama, ku Chulu kapena m'midzi ya ku Santhe kumene muyenera kusiya tala, imbani mufunse ngati yagwa, ndipo khalani ndi pulasitiki yaikulu yokutira sutikesi pa njinga yamoto. Mukafika pa boma kutada, gonani kwa achibale. Sutikesi ya matayala siyenda m'matope, imasenzedwa pamutu ngati thumba la chimanga.

Mphatso za ana ziikeni pamwamba kapena m'thumba lapadera. Mukangotsika pakhomo funso loyamba ndi lakuti mwatitengera chiyani, ndipo simungafune kukhuthula zovala zakuda pamaso pa anthu a m'mudzi wonse pofuna paketi ya maswiti.

Chomaliza, musadabwe pansi pakamayenda. Thupi limazolowera kugwedezeka kwa sitima, ndiye kwa tsiku limodzi kapena awiri mukhoza kumamva ngati nyumba ikupendama, makamaka mukaima chilili kapena mukatseka maso posamba. Zimatha zokha, koma zikapitirira masiku angapo, kapena pakabwera kutentha thupi, pitani kuchipatala mukayezetse ndipo muwauze kumene mwachokera. Usiku woyamba ine ndinadya nsima ya nkhwani wotendera nditagwira m'mphepete mwa tebulo ndi dzanja lamanzere, amayi akunyumba akundiyang'ana m'mbali, mpaka anafunsa motsitsa mawu ngati botolo lija lafika lotsekula kale.