Chingwe cha buluu chija si chokwerera mumtengo

Mwezi wa Okutobala ukamatha, mitambo n'kuyamba kusonkhana, aliyense amakumbukira nthambi ya mango, ya malayina kapena ya bulugamu imene yaweramira padenga la nyumba yake. Kuidula mphepo ya mvula yoyamba isanafike n'kwanzeru. Chodetsa nkhawa ndi chimene chikuoneka m'midzi ndi m'matauni chaka chino: mnyamata ali mamita 10 kapena 12 kuchokera pansi, wadzimanga m'chiuno ndi chingwe cha buluu chogula pamsika, chija timamangira katundu panjinga, kutungira madzi pachitsime ndi kumangira mbuzi. Chingwe chomwecho ndi chimenenso akutsitsira nthambi zimene wadula. Ena aonera pafoni mmene akatswiri akunja amatsikira mumtengo mwakachetechete, ndiye adula kachidutswa ka chingwe chomwechi n'kupanga mfundo yotsikira nayo. Vuto lonse lagona pa chingwe chimodzichi.

Choyamba, chingwechi timangochitchula kuti nayiloni koma si nayiloni. Ndi pulasitiki yotchedwa polypropylene, ndipo nthawi zina ndi polyethylene, yomwe ndi yoipirapo pa ntchito imeneyi. Wokayikira adule kachidutswa n'kuponya m'ndowa ya madzi. Kakayandama ndi yomweyo, chifukwa nayiloni weniweni ndi polyester zimamira zikanyowa. Polypropylene imasungunuka pa madigiri 165 kapena chapafupi pamenepo, ndipo imayamba kufewa isanafikeko. Mafuta okazingira mandasi amatentha kuposa pamenepa. Polyester, imene amapangira zingwe zenizeni zokwerera m'mitengo, imafika cha m'ma 250 isanasungunuke.

Wina afunsa kuti moto uchokera kuti m'mwamba mumtengo. Agogo athu ankapekesa moto ndi timitengo tiwiri, ndipo mfundo yotsikira nayo imachita zofananazo. Mfundoyi ndi chingwe chokulungidwa kangapo pa chingwe chinzake. Munthu akailemera imafinya n'kugwira, akaikanikiza pamwamba ndi dzanja imamasuka pang'ono iye n'kumatsika. Chimene chimamuletsa kugwa ndi kukhulana kwa zingwe ziwirizo, ndipo kukhulanako kumasanduka kutentha. Tsono taonani pamene pali tsoka. Chingwe chachitali chimayenda, malo otenthawo n'kumasinthasintha, koma mfundo siyenda, kutentha konse kumaunjikana pa timizunguliro tomwetomweto. Pa kakweredwe kamene ambiri amatsata, koponya chingwe pa mphanda, mbali ina n'kumangirira kwa wokwera, mbali ina n'kugwira ndi mfundo, munthu akatsika mita imodzi m'mfundo mumadutsa mamita awiri a chingwe. Kutsika mamita 10 ndiye kuti mamita 20 akhula malo amodzi. Akatsika mothamanga, chingwe cha buluu chimanyezimira, chimaterera, kenako chimasungunuka n'kuduka. Sichichenjeza. Mfundo ikayamba kuterera, munthu mwamantha amaigwira mwamphamvu ndi dzanja, ndipo kuigwira kumeneko ndiko kumaimasula.

Kuwonjezera apo pali dzuwa. Polypropylene imaonongeka msanga padzuwa kuposa nayiloni ndi polyester, ndipo zambiri zimene tikugula zakhala zitapachikidwa panja pa golosale miyezi ingapo. Mukaona mtundu wayamba kutuwa, timaulusi tikubaya m'manja, ndipo mukachipinda chikutulutsa ufa, mphamvu yake yapita kale. Chingwechi n'chovutanso kupinda ndipo n'choterera, moti mfundo imene mwamanga pansi imamasuka yokha ikamalemedwa ndi kupepukidwa mobwerezabwereza, ndipo kukwera mumtengo ndi kulemedwa ndi kupepukidwa kokhakokha. Palibenso amene angakuuzeni mphamvu yake. Wogulitsa amangoyeza mamita ndi mikono, alibe pepala lililonse losonyeza kulemera kumene chingwecho chingapirire.

Tsopano za kutsitsira nthambi ndi chingwe chomwe chanyamula munthu. Apa ndiye pofunika kukalipa. Mtengo wauwisi ndi wolemera kuposa mmene maso amaonera. Chipika cha bulugamu wauwisi chotalika mita imodzi, chokula masentimita 30 pamene mwadulapo, chimalemera pafupifupi makilogalamu 70, kuposa thumba la chimanga. Chikagwa ngakhale mita imodzi yokha chingwe chisanachigwire, kukoka kwake kumaposa kulemera kwake kangapo. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi salola katundu wopachika pa chingwe chotsitsira kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yolembedwa pa chingwecho. Kugwedeza kulikonse kotereku kumatopetsa ulusi wa mkati, kunja kukuoneka bwinobwino. Kukhula pa khungwa kumawonjezera. Ndiye madzulo munthu yemweyo akupachika moyo wake pa chingwe chimene chazunzika tsiku lonse. Ngakhale chitakhala chingwe chodula cha fakitale, chikangotsitsirapo chipika chimodzi, chachoka m'gulu la zokwerera mpaka kalekale.

Mlimi wina wa mapeyala kudera lina la mapiri anasimba zimene zinamuchitikira chaka chatha. Analemba ganyu mnyamata kuti achepetse mtengo umene unaphimba khitchini. Mnyamatayo anali ndi chingwe chimodzi chokha: nsonga ina anadzimanga nayo m'chiuno, chapakati anachizunguliza pa thunthu, nsonga inayo anamangira nthambi yodulayo ataidutsa pa mphanda. Nthambi itathyoka isanathe kudulidwa, monga amachitira mapeyala, inakoka chingwe chonse, mnyamatayo n'kufinyidwira ku thunthu, chingwe n'kudukira pa mphanda. Nthambi inaboola malata anayi, mnyamata anagwera pamwamba pake n'kuthyoka nthiti ndi mkono, ndipo nthawi yobzala inamupeza ali gone. Chodabwitsa n'chakuti mlimiyo posimba ankabwerezabwereza kuti chingwe chinali chatsopano, anagula dzana lake, ngati kuti utsopano wake ndiwo ukanathandiza. Ndalama za malata, za galimoto yopita kuchipatala ndi za ganyu wina wodzamaliza ntchito, zonse zinatuluka m'thumba mwake.

Ndiye pali aja amati makolo athu ankakwera opanda chingwe ndipo sankagwa. Ankagwa, kungoti ogwawo sanatsale kuti atisimbire. Komanso ankakwera kukathyola zipatso kapena kukapachika mng'oma wa njuchi, manja onse awiri ali pa mtengo. Sankakwera ndi chainsaw yolira m'manja, mtengo ukugwedezeka chipika chikachoka. Tsiku lakufa nyani mitengo imaterera, ndipo amene amagwa si ophunzira okha ayi, amagwanso ozolowera amene analeka kuopa. Chizolowezi chodzimanga chingwe m'chiuno nachonso chithe. Munthu akalendewera pa chingwe cha m'chiuno chimakwera n'kufinya nthiti, mpweya umathawa m'mphindi zochepa, ngakhale chingwecho chisaduke.

Chingwe chokwerera chenicheni chimakhala cholukidwa, chokula mamilimita 11 mpaka 13, ndipo sichitamuka kwambiri. Kunsonga kwake kapena pa pepala lake pamalembedwa muyezo. Wa ku Ulaya ndi EN 1891 Type A, umene umafuna kuti chingwe chipirire 22 kN, kumene kuli ngati makilogalamu 2,200. Wa ku America, ANSI Z133, umafuna 24 kN. Musanene kuti munthu wa makilogalamu 70 safunika zonsezo. Muyezo wa ku Ulaya womwewo umati chingwecho chikamangidwa mfundo ya 8 (yooneka ngati nambala 8) kunsonga chipirire 15 kN, kusonyeza kuti mfundo yokha imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu. Chotsalacho chimadyedwa ndi kukalamba, fumbi, kukhula ndi kugwedeza kwa munthu akaterereka. Musagulenso chingwe cha okwera mapiri chija chotamuka ngati legeni, chimakubwezani pansi mukamakoka, ndipo chikopa chake sichipirira khungwa. Utali wake ukhale kuwirikiza kawiri kutalika kwa mphanda imene mukufuna, n'kuwonjezera mamita asanu. Mphanda ili pa mamita 15, chingwe chisachepere 35. Kunsonga yolendewera mangani mfundo yotsekera, kuopa kuti chingwe chingathere m'manja muli m'malere.

Pa mfundo, kwa amene akuyamba ndi zida zochepa, yodalirika ndi ya Blake, imene inafala pakati pa odula mitengo cha m'ma 1994 kudzera mwa Jason Blake. Ubwino wake ndi wakuti imamangidwa ndi chingwe chofanana kukula ndi chokwereracho. Zungulizani nsonga kanayi pa chingwe chachikulu mukukwera m'mwamba. Bwezani nsongayo pansi, idutse pamwamba pa chingwe chochokera kwa inu, ipite kumbuyo kwa chingwe chachikulu, kenako ilowe m'mizunguliro iwiri ya pansi yokha n'kutulukira pakati. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: nsonga ikadutsa kutsogolo kwa chingwe chachikulu m'malo mwa kumbuyo, mfundo imaoneka ngati yomweyo koma sigwira. Kunsonga yotulukayo mangani mfundo ya 8 kuti isasololoke. Chingwe chikakhala chatsopano ndi choterera, kapena wokwera ndi wonenepa, onjezani mzunguliro wachisanu pamwamba. Mfundo ina yotsikira nayo, ya tautline, imene ena akuikondabe, imagudubuzika n'kumadya nsonga yake pang'onopang'ono, ndipo ikalemedwa imauma. Isiyeni.

Ya Prusik, imene Karl Prusik wa ku Austria anaifalitsa mu 1931, imafuna kachingwe kena kocheperapo, ka mamilimita 8 mpaka 10, kolumikizidwa ngati mkombero n'kukulungidwa katatu, kuti mizere ioneke isanu ndi umodzi, yoyalana bwino osapingasana. Kachingwe kakafanana kukula ndi chachikulu sikaluma, kakachepa kwambiri kamaluma mpaka kukanika kumasula. Kakhale kopangidwira ntchitoyi. Kabwino kamakhala ndi ulusi wa aramid, monga Technora, umene susungunuka koma umayamba kupserera kutentha kukayandikira madigiri 500. Kachingwe ka Dyneema, ngakhale kali kolimba zedi, kamasungunuka cha pa 145, choncho si ka mfundo yotsikira. Ma Distel ndi ma VT, mitundu ina ya mfundo zotsikira, amene mukuwaona pafoni ndi abwino, koma amasintha khalidwe malinga ndi utali wa kachingwe, ndipo ndi oyenera kuphunzira pamaso pa munthu wowadziwa. Mfundo zonsezi n'za chingwe chopinda pawiri pa mphanda. Pa chingwe chimodzi choima chokha, mfundo imanyamula thupi lonse ndipo imauma kapena kupsa ngati palibe kachitsulo kothandizira.

Mfundo iliyonse, imangeni, ikonzeni mizere, ikokeni kuti ikhazikike, kenako muiyese muli mita imodzi kuchokera pansi: lendewerani, tsikani pang'ono, siyani dzanja muone ngati yagwira yokha. Potsika muzitsika pang'onopang'ono, mukupumira. Mfundo ikatentha moti chala sichingakhalepo, mwathamanga.

Zotsalazi n'zodziwika. Lamba akhale wokhala ndi zolowetsa miyendo, wa muyezo wa EN 813, osati lamba wa galimoto wosoka kwa telala. Carabiner, ngowe yachitsulo yolumikizira chingwe ku lamba, ikhale yodzitseka yokha, yofuna kuchita zinthu zitatu zosiyana kuti itseguke, yolembedwa 22 kN kapena kuposa, ndipo ija yolembedwa kuti si yokwerera ndi ya makiyi. Poimangirira ku chingwe gwiritsani mfundo yofinya kuti isatembenuke n'kulemedwa cham'mbali. Chipewa cholimba chikhale ndi lamba wa pachibwano. Podula, khalani omangirira pawiri, chingwe chokwerera ndi chingwe chachifupi chozungulira thunthu, ndipo muone pamene zonse zadutsa macheka asanakhudze mtengo. Chingwe chipachikidwe pa mphanda ya nthambi yamoyo yosachepera masentimita 15, chozungulira thunthu, osati kunsonga kwa nthambi, ndipo musanakwere anthu awiri alendewerepo. Yang'anani chiswe, mphako, bowa pa thunthu ndi njuchi. Mtengo woyandikana ndi mawaya a magetsi musaukhudze, itanani a ESCOM.

Tsiku lililonse dutsitsani chingwe chonse m'manja. Pamene panyezimira, paphwatalala, patupa kapena mkati mukuonekera, dulani pamenepo kapena chisiyeni. Chisagone pamodzi ndi petulo, oyilo kapena batire, chapani ndi madzi ozizira n'kuyanika pamthunzi. Za pakaunjika musagule, simudziwa zimene zinakumana nazo. Zidazi n'zodula, inde, ndiye gulu la alimi kapena la achinyamata lisonkhe ligule seti imodzi, aphunzitse anthu awiri. Chingwe chotsitsira nthambi chikhale cha mtundu wina kapena chokulungidwa tepi kunsonga, chipachikidwe pa mphanda ina. Pansi pakhale munthu wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana wokwerayo ndi kuthamangitsa ana. Ngati zonsezi palibe, mangirirani sowo ku nsungwi yaitali mudule nthambi zing'onozing'ono mutaima pansi, zazikuluzo mudikire wa zida.