Kabwerekedwe ndi kaphikidwe ka mapoto a pa sadaka

August ikangofika kuno ku Mangochi ana ali ku ndagala (kuchinamwali), maukwati nawo ndi omwewo, uku sadaka, ndiye mapoto akuluakulu amasowa ngati ndalama. Koma vuto ndi loti achinyamata chilichonse amangoti poto. Ine ndinatumapo mwana wa achemwali anga kuti akabwereke nkhali kwa anganga kuseri kwa mzikiti, anabwera atasenza mtsuko, mpaka lero timamutchula kuti a Mtsuko.

Ndiye musananyamuke dziwani chomwe mukukapempha. Nkhali ndi yadothi yophikira nsima, kukamwa kwake ndi kotakata kuti mthiko uziyenda bwino. Mphika ndi wa ndiwo, ndipo nyemba kapena kampango wa mumphika simungamufanizire ndi wa muchitsulo ayi. Mtsuko ndi wa madzi akumwa, suona moto. Mbiya ndiye chimkulu chija cha thobwa, mkhate ndi wosambira, phale ndi chibenthu cha mphika wosweka chokazingira mtedza. Anganga akakuyankhani mu Chiyawo kuti chiwiga musadabwe, akunena mphika womwewo.

Koma kunena zoona pa gulu la anthu masiku ano zimene zimagwira ntchito ndi sefuliya, ija yopanda zogwirira ya mlomo wopindikira kunja, dzina lakelo linachokera ku Chiswahili. Kukachuluka anthu ena amaphikira mu mgolo wodula pakati, koma funsani kaye kuti munali chani kale, wa mafuta a galimoto kapena mankhwala ukaneni ngakhale akuuzeni kuti anatsuka.

Pobwereka sefuliya iyang'aneni pansi poloza kudzuwa, ngati pakulowa kuwala ndiye kuti ikudontha, auzeni eni ake pompo asadzati munaboola ndinu. Zivindikiro muwerenge limodzi ndi eni ake, zimenezi ndi zomwe zimadanitsa anthu.

Musanaiteleke phatikizani phulusa ndi madzi mupake kunja konse, mwaye umakakamira paphulusapo osati pa sefuliya, potsuka umangochoka wokha. Mafuwa akhale atatu olingana ndipo muwakwirire pang'ono, mchenga wa kunyanja kuno ndi wonyenga, sefuliya yodzaza phala ikapendekeka munthu amapsa miyendo.

Nsima ya musefuliya yaikulu siphikidwa ndi munthu mmodzi. Phala liwire mokwanira kaye mpaka lizidumpha, mukafulumira kuthira ufa imatuluka yosapsa ndipo anthu amanena mpaka chaka chamawa. Kenako tungani phala lina muike mu beseni pambali, la kufewetsera ikalimba. Mmodzi azithira ufa pang'onopang'ono, awiri azivundula mosinthana ndi mthiko wautali uja wonga nkhafi ya bwato, wina agwire sefuliya ndi chisanza kuti isathawe pamafuwa. Apa nkhuni muzisolole, moto ukhale wa makala okha apo ayi pansi papserera pamwamba pali posapsa. Chitenje mangani bwino ndipo ana muwathamangitse, phala lowira silidziwa mwana wa mfumu. Mukamaliza vundikirani pang'ono ipume, kenako omolani ndi chipande choviika m'madzi.

Mpunga ndi wosavuta, madzi akangouma chotsani nkhuni zonse, vundikirani ndi tsamba la nthochi, chivindikiro pamwamba ndi makala pachivindikiropo.

Pobweza musadikire kuti akutumizireni mwana. Thirani madzi usiku womwewo nkhoko zifewe (ana azidya zomwe angathe kaye), mmawa kwechani ndi mchenga mpaka iwale, iume padzuwa. Nkhali ndi mphika musakwecheko ndi mchenga mwamphamvu, ingotsukani ndi madzi ofunda. Ndipo sefuliya ya mwini siibwerera yopanda kanthu, muikemo kasopo kapena mbale ya mpunga wotsala, mukaperekenso nokha osati kutuma a Mtsuko.