Kope ndi foni: mmene mungadziwire ngati nkhawa zakhazikika mwa inu

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Ndirande. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023, ndinayamba kuonera mavidiyo a madzi osefukira usiku uliwonse. Mvula inatha, maliro anaikidwa, koma ine chaka chinatha ndikuonerabe, kenako ngozi za pamsewu, kenako nyumba zikugwa kumayiko akutali. Wondifunsa ndinkamuyankha kuti ndili bwinobwino. Tsiku lina mayi a kunyumba anati, "Bambo a Chisomo, zimene mukutibisira ife, foni yanuyo ikuzidziwa." Mawuwo anandilasa, ndipo ndi pomwe ndinayambira zimene ndikufotokozazi.

Gulani kope la ana asukulu, mulembemo masiku 14. Sabata imodzi siyikwana, chifukwa mwina ndi sabata ya maliro kapena ya lendi, pamene aliyense mtima umakhala m'mwamba. Tikufuna nkhawa imene yamanga nyumba, osati yongodutsa.

M'mawa uliwonse, musanatsegule WhatsApp, lowani mu Settings. Mafoni ambiri a Android ali ndi Digital Wellbeing, a iPhone ali ndi Screen Time. Mmenemo muona mphindi zomwe munatha dzulo pa TikTok, Facebook ndi YouTube. Lembani. Koma musadalire kwambiri nambala imeneyi. Tsiku limene bandulo yatha kapena magetsi azima foni n'kuthima, mphindi zimatsika pomwe mtima sunapepuke. Ngati ana amabwereka foni yanu madzulo, chotsani nthawi yawoyo.

Chimene chinanditsegula maso ine ndi nthawi ya usiku. Lembani ola limene munaonera vidiyo yomaliza, ndipo ngati munadzidzimuka pakati pa usiku n'kugwiranso foni, lembaninso. Munthu amene waonera mpira maola awiri Lamlungu masana akuseka ndi anzake ali bwino kuposa amene waonera mphindi 40 zokha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ali yekha, nsagwada zitalumana. M'masiku anga 14, masiku 9 ndinali maso nthawi imeneyo. Ndinkadziuza kuti foni ndiyo ikundilanda tulo, koma kope linaonetsa kuti ndinkayamba kudzuka ndi maganizo a ngongole ya nsalu, foni n'kubwera pambuyo kudzaphimba.

Kenako lembani mtundu wa zimene munaonera, mawu awiri okha akwana: nthabwala, ulaliki, ngozi, ndale, mitengo ya zinthu. TikTok imasunga mndandanda wa mavidiyo omwe mwaonera, mutha kubwereramo. Dzifunseni ngati mukukumbukirapo atatu a dzulo. Ngati chala chinkangokankha osamaliza ngakhale imodzi ndipo palibe chomwe chatsala m'mutu, lembani kuti "sindikukumbukira". Kumbukiraninso kuti mapulogalamuwa amakubweretserani zofanana ndi zimene mwachedwapo, choncho ngozi zikachuluka pa foni yanu, pena ndi maso anu amene aziitana.

Mzere womaliza ndi wa thupi. Dzipatseni nambala kuyambira 0 (palibe vuto) mpaka 4 (zafika poipa): mutu, khosi kuuma, mtima kugunda, kupsa mtima msanga. Ine ndinkawonjezera ngati ndasoka molakwika n'kusomola, chifukwa manja anga sanama. Akatswiri ali ndi mafunso awo otchedwa Perceived Stress Scale, omwe Sheldon Cohen ndi anzake anatulutsa mu 1983. Amafunsa za mwezi wathawu, mwachitsanzo kuti ndi kangati munamva kuti zinthu zofunika pa moyo wanu zakupulumukani m'manja. Funso limeneli dzifunseni tsiku loyamba ndi lomaliza.

Masiku akakwana, ikani mizereyo pambalipambali. Musadziyerekeze ndi mnansi wanu, dziyerekezeni ndi inu nomwe. Ngati usiku wa mavidiyo olemetsa ukutsatana ndi m'mawa wa 3 kapena 4, ndipo zikubwerera masiku ambiri ngakhale palibe chatsopano chachitika, ndiye kuti kuganiza kwambiri kwakhazikika.

Foni si dokotala. Tengani kopelo mupite nalo kuchipatala cha kwanuko, akakuyezeni BP, ndipo mukanene poyera kuti simukugona chifukwa cha maganizo. Ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre kuli gawo loona za matenda a maganizo, ndipo kupitako si misala. Ngati zafika poganiza zodzipha, musadikire masiku 14, uzani munthu lero lomwe.

Ine foni tsopano imagona m'kabati pabalaza kuyambira 9 koloko, ndipo kopelo ndimalitsegulanso mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala.